Folomu 4: chaka cha Danieli ndi anzake

Mawu a Mulungu: Danieli 1:1-21, Luka 16:10

Mwana wa ku Chintheche akasankhidwa kupita ku sekondale ya Mpingo, nthawi zambiri amachoka kwawo. Mtsikana amakwera phiri kupita ku Marymount mumzinda wa Mzuzu, mnyamata mwina amafika mpaka ku Chaminade ku Karonga. Amasiya kondowole ndi usipa wa pakhomo n'kuzolowera nsima ya nyemba ya kugonera. Zaka zitatu zimadutsa, kenaka mu Seputembala amalowa Folomu 4, ndipo kuyambira tsiku limenelo aliyense amamuyang'ana ndi funso limodzi: mapointi angati?

Funsoli lili ndi maziko ake. Mayeso a MSCE, amene amakonzedwa ndi bungwe la MANEB, amalembedwa cha m'ma Juni ndi Julayi. Phunziro lililonse limapatsidwa giredi kuyambira 1 mpaka 9, ndipo amawonkhetsa maphunziro asanu ndi limodzi amene mwana wakhoza bwino. Mapointi 6 ndiye pamwamba penipeni. Wofuna malo ku yunivesite ya boma ayenera kukhala ndi makirediti asanu ndi limodzi, limodzi mwa iwo likhale la Chingerezi, ndipo ngakhale atawapeza, malo ndi ochepa poyerekeza ndi owafuna. Zaka zinayi za fizi, sopo ndi thiransipoti zimayezedwa m'masabata ochepa.

Kunyanja kuli chinanso chimene akhristu a m'tauni sachiganizira. Miyezi ya mayeso ndiyo miyezi ya mwera. Mphepo ikalimba, mabwato sapita kutali, usipa umachepa pathandala, ndipo kholo lodalira ukonde limasowa ndalama nthawi yomwe mwana akufunika kalikyuleta, nyali ndi zotsala za fizi. Mwanayo amadziwa zonsezi. Amadziwanso kuti akalephera, njira zimene zikumudikira n'zodziwika kale: mnyamata kulowa m'bwato kapena kutsatira amalume ku Joni, mtsikana kumva mawu a banja asanakonzeke. Choncho pamene akudzuka 4 koloko m'mawa kukawerenga, mantha ake si a pepala la Masamu lokha.

Buku la Danieli limayamba ndi ana asukulu. Mfumu Nebukadinezara ya ku Babiloni inatenga anyamata a ku Yuda kuti aphunzire chiyankhulo ndi zolemba za Ababiloni kwa zaka zitatu, ndipo pamapeto pake akaonekere pamaso pake. Anali kutali ndi kwawo, anapatsidwa mayina achilendo, ndipo chakudya chinkachokera ku tebulo la mfumu. Danieli, Hananiya, Misaele ndi Azariya sanakane sukulu. Anaphunzira zonse zimene anapatsidwa, ndipo anaziphunzira bwino. Anakana chinthu chimodzi chokha, chakudya chimene chikanawadetsa pamaso pa Mulungu, n'kupempha kuti ayesedwe masiku khumi akudya zamasamba ndi kumwa madzi. Tsiku la mayeso litafika, mfumu inawafunsa yokha mafunso ndipo sinapeze wofanana nawo.

Chofunika kuona apa n'chakuti Danieli anatsimikiza mumtima mwake kale, mayeso akadali kutali. Wophunzira amene akudikira kuti adzasankhe chilungamo usiku woti mawa alemba Biology wachedwa, chifukwa usiku umenewo mantha ndiwo amalamula.

Chakudya cha mfumu cha masiku ano dzina lake ndi likasa. Limabwera pa foni, pa WhatsApp, ndipo limabwera ndi mawu okoma: onse ali nalo, ukalikana udzipweteka wekha. Dziko lino likukumbukira zimene zinachitika mu Novembala 2020, pamene mapepala a MSCE anafalikira asanalembedwe, boma n'kuimitsa mayeso onse, ana n'kudzalembanso mu Januwale 2021. Amene anabera ndi amene sanabere analangika limodzi, ndipo makolo analipiranso ulendo ndi chakudya. Kubera mayeso kumaphwanya malamulo awiri nthawi imodzi. Ndi kuba, chifukwa malo a ku koleji amene wobera watenga anali a wina, mwina wa pa CDSS ya ku Kande kapena Mpamba amene anawerengera tochi. Ndi bodzanso, chifukwa satifiketi ndi umboni, ndipo odwala adzakhulupirira umboniwo akadzagona pamaso pa namwino. Mu Luka 16:10 Ambuye Yesu akuphunzitsa kuti mmene munthu amachitira pa zazing'ono ndi mmene adzachitire pa zazikulu. N'zomvetsa chisoni kuti nthawi zina ndalama yogulira likasa imachokera kwa kholo lomwe limakhala pa benchi yoyamba Lamulungu.

Palinso kusokoneza kwina kumene kumavala malaya a chikhulupiriro. Masukulu ambiri a Mpingo amachita Misa ya olemba mayeso, ndipo ana amabwera ndi zolembera kuti wansembe azidalitse. Ndi mwambo wabwino ukamveka bwino: mwana akupereka ntchito yake kwa Mulungu ndi kupempha mtima wodekha. Koma cholembera chodalitsidwa si chithumwa. Sichikumbukira zimene mwini wake sanawerenge. Amene wathawa makalasi chaka chonse n'kuthamangira madzi odalitsidwa mu Juni sasiyana kwenikweni ndi amene wapita kwa sing'anga kukatemera mphini za nzeru. Mbali inayo kuli ena amene amasiya Misa, Korona ndi misonkhano ya YCS ponena kuti nthawi yachepa, ngati kuti Mulungu ndi phunziro loti n'kulisiya polembetsa mayeso. Dayosizi ya Mzuzu ili ndi chitsanzo chapafupi: Ambuye John Ryan, amene anakhala episkopi mu 2016, poyamba ankaphunzitsa masamu pa Mzuzu University. Guwa ndi choko sizinalimbane mwa iwo.

Folomu 4 ndi chakanso cha mphamvu. A Folomu 4 ndiwo akuluakulu kugonera, ndipo mwana wa Folomu 1 amaphunzira Chikhristu poona mmene iwo amamuchitira pa mzere wa chakudya kuposa zimene amamva m'kalasi la Bible Knowledge. Amene anazunzidwa ali wamng'ono ali ndi mwayi wothetsa mchitidwewo pa iye.

Nanga parishi ya m'tauni ikukhudzidwa bwanji? Ambiri amene amalipira fizi za ana a kunyanja amakhala m'tauni: azakhali, achimwene, amalume. Msonkhano Wachiwiri wa Vatican, m'chikalata chake cha maphunziro Gravissimum Educationis cha pa 28 Okutobala 1965, unanena kuti makolo ndiwo aphunzitsi oyamba a ana awo. Sukulu ya Mpingo imawathandiza, siwalowa m'malo. Wolipira fizi walowa nawo mu udindo umenewo, ndipo udindowo sutha ndi kutumiza ndalama pa foni. Mwana amene amangomva kuti “usatichititse manyazi” amakankhidwira ku likasa. Ayenera kumva msanga, teremu yachiwiri isanathe, kuti mapointi 24 oona adzalandiridwa pakhomo ndi manja awiri, ndi kuti sukulu za ntchito zamanja, za uphunzitsi ndi kulembanso mayeso ndi njira zolemekezeka.

Nthawi yovuta kwambiri imabwera mayeso atatha. Belu la kugonera lasiya kulira, zotsatira sizinatuluke, ndipo mnyamata kapena mtsikana ali ku Chintheche kapena kwa abale m'tauni wopanda chochita kwa miyezi ingapo. Mphakati uliwonse ungathe kulemba mayina a ana ake a Folomu 4 sabata ino, kuwatchula m'mapemphero, ndi kuwapezera ntchito akabwera: kuwerenga Mawu pa Misa, kuimba kwaya, kuthandiza a Sitandade 8 masamu, kapena kuperekeza katekisiti kukayendera odwala.