Mukawoloka pa Mwami, Msonkho Ukuyembekezani

Achinyamata inu amene mwapeza ntchito ku Chipata kapena ku Lusaka, musaganize kuti mukadinditsa pasipoti pa Mwami ndiye kuti nkhani ya msonkho yatsalira ku Mchinji. Msonkho umalondola kumene ndalama yapangidwira, suyang'ana mtundu wa pasipoti. Thukuta lanu likagwera m'dziko la Zambia, wodula msonkho pa malipiro anu ndi ZRA, monga imachitira MRA kuno kwathu.

Mukangofika, kalembetseni TPIN, nambala yanu ya msonkho, ku ZRA. Ya MRA ija siigwira ntchito kumeneko, ngakhale dzina n'lomwelo, ndipo nawo a kubanki adzafuna ya ZRA musanatsegule akaunti. Dziwaninso kuti chaka cha msonkho ku Zambia chimayamba mu Januwale n'kutha mu Disembala, ndipo munthu akakhalako masiku 183 pa chaka amawerengedwa ngati wokhala komweko pa za msonkho.

Koma mtima wanga uli pa kapepala ka malipiro kaja. Kawerengeni mwezi ndi mwezi, mzere ndi mzere. Muone PAYE, msonkho umene abwana amadula ndalama isanafike m'manja mwanu. Muone NAPSA, ya penshoni: inu mumapereka 5 peresenti, abwana amaikapo 5 ina. Muonenso NHIMA, 1 peresenti ya chithandizo cha kuchipatala. Kudula n'kwina, kupereka n'kwina. Alipo mabwana amene amadula ndithu papepala koma ndalamayo osaipititsa kumene ikuyenera, podziwa kuti mlendo amaopa kufunsa. Inu funsani. Pitani ku NAPSA mukaone ngati zopereka zanu zikulowadi pa dzina lanu, musadikire tsiku lotsanzika ntchito.

Ndimaopa kwambiri abwana okoma pakamwa, aja amakupatsirani ndalama mu envulopu kuseri kwa shopu n'kumati za boma tisavutike nazo. Ndalama ya mu envulopu imaoneka yambiri, inde, ndipo munthu amene wasiya ana kumudzi sachedwa kukopeka. Kawirikawiri chimene akubisa n'chakuti sanakutengereni chilolezo chogwirira ntchito. Tsiku limene mudzavulale pa makina, kapena kuchotsedwa popanda malipiro a miyezi itatu, mudzaonetsa chiyani ku ofesi ya zantchito? Palibe pepala lonena kuti munagwirapo pamenepo, ndipo woyamba kufunsidwa mafunso ndi a Immigration mudzakhala inuyo.

Kumudzi nako musakuiwale. Ngati mwasiya nyumba ya lendi ku Area 25 kapena ku Ndirande, ndalama imeneyo yapangidwira ku Malawi, ndipo MRA ili nayo gawo ngakhale inu mukugona ku Kabwe. Ambiri amangosiyira amalume kapena achimwene kuti azitolera lendi, za msonkho osatchula n'komwe. Ngongole ya msonkho ikachedwa imabereka chilango ndi chiwongoladzanja, ndipo imalembedwa pa dzina la mwini nyumba, osati la amalume. Musanakwere basi, pitani ku ofesi ya MRA, muwauze kuti mukusamuka, mufunse mmene lendiyo izilipiridwira msonkho inu kulibe.

Kontrakiti, chilolezo cha ntchito, mapepala a malipiro ndi malisiti a msonkho, zonsezi zisungeni m'fayilo imodzi. Muzijambulenso pa foni n'kutumizira m'bale mmodzi wodalirika kumudzi, chifukwa abwana akatseka kampani simudzawapezanso kuti akulembereni ena.