Phunziro la Ziweto: Kuzindikira Mtundu wa Anapiye

Pa msika wa Kamuzu Road ku Salima, ndiponso pa misika ya ku Chipoka ndi ku Khombedza, sipasowa munthu wonyamula dengu la anapiye. Wogulitsa aliyense amatchula dzina lokoma: awa ndi a Mikolongwe, awa ndi a nyama, awa ndi oikira mazira. Wogula amangoyang'ana ubweya, nalipira, napita kwawo. Zoona zake zimadzaoneka patapita miyezi iwiri kapena itatu, madeya atatha kale. Tsono mlimi ayenera kudziwa kuti ubweya wa tsiku loyamba suulula zambiri. Zimene zimaulula mtundu wa mwanapiye ndizo miyendo, khosi, nthenga zoyamba ndi kakulidwe kake m'masabata 6 oyambirira.

Nkhuku imene anthu amanyengedwa nayo kawirikawiri ndi ya Mikolongwe. Dzina lake lenileni ndi Black Australorp. Alimi a ku Australia ndiwo anaibereketsa kuchokera ku nkhuku yakuda ya Orpington, imene William Cook anaitulutsa ku England mu 1886. Inatchuka chifukwa cha mazira, pakuti pa mpikisano wa mu 1922 mpaka 1923 nkhuku 6 zinaikira mazira 1,857 m'chaka chimodzi. Muno m'Malawi Boma linaifalitsa m'midzi kuchokera ku famu yake ya ku Mikolongwe m'boma la Chiradzulu, ku Bwemba ku Lilongwe ndi ku Choma kufupi ndi Mzuzu, kuti atambala ake akweze nkhuku zachikuda.

Mwanapiye wa Mikolongwe sakhala wakuda bii pamene wangoswedwa kumene. Pamutu ndi pamsana ndi pakuda, koma pachifuwa, pamimba ndi kunsonga kwa mapiko pamakhala ubweya woyera. Anthu ena akaona kuyerako amamukana, nati ngwosakaniza, chonsecho n'chimene chimasonyeza mtunduwo. Nthenga zoyera za m'mapiko zimathothoka iye akamakula. Miyendo yake ndi yakuda kapena yotuwa kwambiri, yopanda nthenga. Apa mlimi wochenjera amamutembenuza mwanapiyeyo ndi kuyang'ana kunsi kwa mapazi: kuyenera kukhala koyera. Kukakhala kwachikasu, pali magazi a mtundu wina. Maso ndi akuda, lipombo la pamutu ndi limodzi loongoka, lokhala ndi mano ngati sowo, ndipo nthenga zikakhwima zimanyezimira mobiriwira padzuwa.

Inde, mwanapiye wakuda wachikuda angafanane naye sabata loyamba, koma pofika sabata lachisanu ndi chimodzi wa Mikolongwe amakhala wamkulu, wa msana wotakata ndi wofatsa, pamene wachikuda amakhala wopepuka ndi watcheru, wothawira m'tchire akangoona mthunzi wa mphamba. Ndipo thadzi limene likuyenda ndi anapiye si umboni ayi, popeza amayi ambiri amaika mazira a Mikolongwe pansi pa thadzi lachikuda, limene limadziwa kufungatira masiku onse 21 osatopa.

Nkhuku zachikuda nazo zili ndi maina awo. Kameta amadziwika pa tsiku loyamba lomwe, chifukwa khosi lake limakhala lopanda ubweya. Si matenda, si nsabwe, ndi chibadwa. Ngakhale kholo limodzi lokha likhale kameta, ena mwa anapiye adzatuluka otero. Anthu ena amamunyoza kuti ngwonyansa, koma m'mbali mwa nyanja, mmene dzuwa la Okutobala ndi Novembala limachititsa nkhuku wefuwefu, kuchepa kwa nthengako ndi mwayi, pakuti thupi lake limazizira msanga. Woweta wa ku Senga Bay kapena ku Lifuwu amene amayamba kupha kameta mlendo akabwera, amadya nkhuku imene inayenera malo ake koposa zinzake.

Kansilanga saoneka pa tsiku loyamba. Pakapita sabata limodzi kapena awiri, nthenga za m'mapiko zimayamba kupindikira kunja ndi kumwamba. Kutentha amakupirira, koma mvula ndi mphepo ya mwera zimamuvutitsa. Tambala wa kansilanga asakhale ndi thadzi la kansilanga, chifukwa ena mwa ana awo amakhala ndi nthenga zothyokathyoka, natsala pafupifupi amaliseche. Tsumba ali ndi kachulu ka ubweya pamutu, simboti ali ndi miyendo yaifupi. Koma kawangi, chiphulutsa, yofiira ndi yoyera ndi maina a maonekedwe chabe: thadzi limodzi lingathe kuswa onsewa pa chisa chimodzi.

Chinyengo chopweteka koposa chili pa anapiye achizungu. Mwa nkhuku zofiira zoikira mazira, monga Hy-Line Brown, anapiye aakazi amaswedwa ofiirira, aamuna oyera mwachikasu. Aamunawa ndi otsika mtengo kwambiri, ndipo amafanana ndi anapiye a nyama. Wogulitsa amene amawatcha a nyama akudziwa bwino chimene ali, akuchimwira lamulo lachisanu ndi chiwiri la Mulungu, monga wolowa m'nkhokwe ya mnzake usiku. Wogula amunyamule mwanapiyeyo m'dzanja. Wa nyama ndi wolemera, wa miyendo yonenepa ndi chifuwa chotakata. Amadya osalekeza, ndipo akadyetsedwa bwino amafika makilogalamu 2 pa masabata 6. Katambala ka nkhuku zoikira ndi kowonda, kothamangathamanga, ndipo lipombo lake limafiira msanga thupi lisanakule. Palinso Kuroiler, yochokera ku India, imene anapiye ake ndi amawangamawanga ngati achikuda, koma amawasiya kutali pa kakulidwe m'mwezi woyamba womwe.

Kodi kudziwa zonsezi kuli ndi phindu lanji? Mtundu uliwonse uli ndi kasungidwe kake. Wachikuda amadzifunira chiswe ndi njere pabwalo. Wa Mikolongwe amatoleza nayenso, koma popanda madeya osakaniza ndi soya wokazinga kapena fumbi la usipa, sadzaikira monga mwa mbiri yake. Wa nyama akatayiridwa pabwalo kuti adzifunire yekha, sakula. Amafuna chakudya cha kusitolo, madzi ozizira ndi khola lopita mphepo, kopanda apo kutentha kwa kunyanja kumamupha atatsala pang'ono kugulitsidwa.

Matenda a chitopa sasankha mtundu. Anapiye ogula pamsika asungidwe paokha masabata awiri asanasakanizidwe ndi nkhuku za pakhomo, ndipo onse alandire katemera wa I-2, dontho limodzi m'diso, miyezi 4 iliyonse. Mlangizi wa ziweto wa m'deralo ndiye angauze mlimi tsiku limene katemerayo adzafika m'mudzi.