PHUNZIRO: MTENGO NDI PHINDU LA UMISIRI WA MAGETSI

Abale athu a m'midzi, ambiri a inu mutifunsa kuti: Mwana wanga watsiriza Fomu 4, ndipo afuna kukaphunzira nchito ya magetsi, kodi ndigulitse cimanga ndi mbuzi kuti apite, kapena akhale pakhomo alime? Funso ili nlolemera, pakuti cuma ca banja cikatayika sicibwerera msanga. Tiyeni tsono tiike mtengo mbali yina ndi phindu mbali yina, monga acita munthu woyesa katundu pa sikelo.

1. Njira yace. Umisiri uwu suli wacilendo m'dziko lathu. Ku Livingstonia magetsi ocokera ku mphamvu ya madzi anayaka m'caka ca 1905, ndipo makina aakulu a ku Nkula, pa mtsinje wa Shire, anayamba nchito mu 1966. Kuyambira 1999 maphunziro a umisiri ayang'aniridwa ndi bungwe la TEVETA. Mwana aphunzira pa sukulu monga ya Soche kapena ya Lilongwe, miyezi yina m'kalasi, miyezi yina pa nchito pansi pa mmisiri wamkulu. Palinso mayeso a Trade Test.

2. Mtengo wace. Makolo ambiri awerenga fizi yokha, naiwala zina zitatu. Coyamba ndico zaka: maphunziro athunthu sakutha ndi dzinja limodzi, ndipo caka ciri conse khasu la mwanayo ligona pakhonde, inu nimulemba waganyu m'malo mwace. Caciwiri ndiyo miyezi yophunzira pa nchito: pamenepo mwana afuna nyumba ya lendi m'tauni, cakudya ndi ndarama ya ulendo, ndipo siali yense alandira kanthu kwa mwini nchito. Cacitatu ndizo zipangizo: pulayala, sikuludiraiva, tesita, mita yoyesera mphamvu, makwerero ndi nsapato zocinjiriza. Mmisiri wopanda zipangizo zace akhala wanchito wa mnzace masiku onse. Akulu anati, walira mvula walira matope.

3. Phindu lace. Kalembera wa 2018 anapeza kuti nyumba zounikira ndi magetsi zinali ngati 11 pa nyumba 100 ziri zonse. Ciwerengero ici citiphunzitsa ziwiri. Nchito yotsala njambiri, yokwanira moyo wonse wa mwanayo. Komanso m'midzi yambiri, kumene nthambo sizinafike, omlemba nchito ngocepa. Musaike mtima wonse pa kulembedwa ku ESCOM, ku EGENCO, kapena ku minda ya tiyi ndi ya nzimbe, pakuti ofuna malowo acuruka koposa malo ace. Ambiri adya za nchito ya iwo okha: kuika mawaya m'nyumba zatsopano, kukonza mota ya cigayo ndi mapampu a madzi, ndi kumanga sola. Tikumbukile Januwale 2022, pamene namondwe wa Ana anaononga damu la Kapichira, magetsi nasowa miyezi yambiri. Masiku amenewo wodziwa sola ndi mabatire sanakhale manja lende. Phindu liripo ndithu, koma lidza pang'onopang'ono, monga zipatso za mtengo wa mango, osati monga ndiwo za padimba.

4. Cenjezo. Cotayitsa cuma koposa zonse ndico kusiya pakati. Mwana wophunzira caka cimodzi nabwerera wadya mbuzi zanu, koma alibe kalata ya mayeso. Ndipo popanda ciphaso ca bungwe la MERA saloledwa kuika mawaya m'nyumba pa dzina lace. Coipa coposa, adziwa pang'ono nadziyesa mmisiri. Magetsi a m'nyumba ali ndi mavoti 230, okwanira kupha munthu. Waya wocepa ukasenzetsedwa katundu wamkuru utentha, nuyatsa denga usiku anthu ali m'tulo. Nyumba yopanda waya wotsikira m'nthaka isandutsa citsulo ca mbaula msampha wa ana. Mmisiri wa matabwa akalakwa, mpando upendama. Wa magetsi akalakwa, mudzi ukumba manda.

5. Cimene tilangiza. Ife titi mtumizeni, mnyamata kapena msungwana, ngati mungathe kumfikitsa ku mapeto; ngati simungathe, dikirani caka cina mukolole, kapena mukhale pansi ndi atsibweni ace ndi abale kuti mugawane katunduyo poyera. Kudikira caka kuposa kuyamba ndi kugwa panjira.

MAFUNSO OKAMBIRANA PABANJA

(a) Kodi mwana akonda masamu, ndipo ali wofatsa ndi wosamala pogwira zinthu?
(b) Kodi tafunsa ku sukuluko mtengo wa zaka zonse, ndi kuuwerenga m'matumba a cimanga?
(c) Kodi sukuluyo njobvomerezeka ndi TEVETA, kapena ingolandira ndarama?
(d) Adzagula zipangizo ndani, ndipo adzalima ndime ya mwanayo ndani?
(e) Akatsiriza, adzagwira kuti nchito: pali cigayo, msika kapena nthambo za magetsi pafupi ndi kwathu?

Banja limene liyankha mafunso awa mosadzinyenga lingagulitse mbuzi zace ndi mtima wokhazikika.