MWANA WAPAMTIMA NDI ABALE AKE

Nkhani ya kukondera ana siyachilendo. Buku la Genesis (25:28) likutiuza kuti Isaki ankakonda Esau pamene Rebeka ankakonda Yakobe. Yakobe naye atakula anabwereza zomwezo pa Yosefe (37:3-4), mpaka abale ake anamgulitsa. Taonani, amene anachita zimenezi sanali tiana ayi, koma amuna akuluakulu oweta nkhosa za bambo wao.

Kwathu kuno kukondera kumaonekera kwambiri pa sukulu. Chisanafike chaka cha 1994, pamene sukulu za pulaimale zinakhala zaulere, makolo ambiri a ku Kamwendo ndi madera ozungulira ankasankha mwana mmodzi woti amlipirire, kawirikawiri mnyamata. Enawo ankatsala kumunda wa fodya ndi mtedza. Ana amenewo lero ali ndi imvi, koma mvetserani pa maliro kapena pogawana munda: mau oti "inu ndiye munali ana, ife tinali antchito" amatulukabe. Akulu amati chibale ndi fupa sichiwola. Zoona, koma fupa limathyoka.

M'chaka cha 2010 akatswiri a ku America, Karl Pillemer ndi Jill Suitor, anafalitsa zimene anapeza atafunsa amai okalamba ndi ana ao akuluakulu. Kumabanja kumene kunali kukondera, zizindikiro za matenda a kukhumudwa zinali zochuluka, osati mwa osalidwa okha, komanso mwa okondedwawo. Chifukwa chake nchosavuta kumva. Wosalidwa amakula akudziyesa wachabe, ndipo ena amathawira ku kachasu. Wokondedwa amasenza nsanje ya abale, chikumbumtima chomutsutsa, ndiponso mantha oti akalephera akhumudwitsa banja lonse.

Apa ife aseminale tidziyang'ane. Ambiri mwa ife ndife ana apamtima. Matumba a soya agulitsidwa pa Kamwendo kuti tilipire fizi, mlongo wathu atabwezedwa ku sekondale. Tikafika pa holide nkhuku imafa, amai ayamba kale kutitchula "Abambo". Nanga mnyamata woona kuti unsembe si maitanidwe ake, adzalimba mtima bwanji kunena? Ena amangokhala chete, tulo osapeza.

Inu makolo, ana sangalandire zofanana nthawi zonse, koma afotokozereni chifukwa chake akadali aang'ono. Mwana wanu wamkulu akadandaula za kale, musamudule ndi mau oti "zinapita zimenezo". Ndipo ngati wasiya kudya, kugona kapena akukamba zodzipha, musadikire msonkhano wa mphakati: uzani Bambo Mfumu, ndipo mupite naye ku chipatala cha boma ku Mchinji tsiku lomwelo.