Kukonza Mpope Wodontha

Luwinga ndi dera lina la mzinda wa Mzuzu. Kumeneku n'kumene kuli sukulu ya ukachenjede ya Mzuzu University ndi chipatala chachikulu cha Mzuzu Central. Madzi a m'mipope ya ku Luwinga amachokera ku damu la Lunyangwa. Bungwe la Northern Region Water Board limawayeretsa ndi kuwatumiza m'mapaipi. Pakhomo pamakhala mita yoŵerenga madzi oloŵa m'nyumba, ndipo banja limalipira molingana ndi chiŵerengerocho. Mita sisankha. Imaŵerenga madzi ophikira pamodzi ndi ongotayika.

M'nyumba zina muli mpope wa zotsegulira ziŵiri koma wa pakamwa pamodzi. Chotsegulira cha chizindikiro chofiira chimatulutsa madzi otentha, ndipo chinacho chimatulutsa ozizira. Zonse ziŵiri zikatsegulidwa, madziwo amasakanikirana ndi kutuluka ofunda. Mpope wotere ndi wokwera mtengo.

Mpope ukayamba kudontha, anthu ambiri amaganiza kuti watha ntchito. Koma kaŵirikaŵiri chimene chimaonongeka ndi kanthu kakang'ono. M'kati mwa chotsegulira chilichonse muli kamphira kobulungira kotchedwa washa. Munthu akatseka mpope, kamphirako kamatsika ndi kutseka kabowo kodzera madzi. Pakapita nthaŵi kamaperepeseka kapena kung'ambika, ndipo madzi amapeza podzera. Kutseka mpope mwamphamvu sikuthandiza, kumangokaononga msanga.

Dontho limaoneka lochepa, koma tsiku limodzi lili ndi masekondi 86,400. Mpope wodontha kamodzi pa sekondi iliyonse umataya madontho 86,400 pa tsiku, ndipo banja limalipira madzi onsewo.

Pofuna kukonza mpope, munthu wamkulu amayamba watseka madzi pafupi ndi mita. Ngati m'nyumba muli chotenthetsera madzi, amazimitsa magetsi ake ndi kutsekanso madzi otentha kuti asapse. Kenaka amatsegula mpope kuti madzi otsala m'paipi atuluke, natseka bowo la sinki ndi kansalu kuti tizitsulo tisagweremo. Akatero amachotsa chogwirira, namasula mutu wa mpope ndi sipanala. Kunsi kwa mutuwo amapezako washa wakutha uja.

Wanzeru amatenga washayo popita ku sitolo ya zipangizo, kuti akagule wofanana naye kukula kwake. Mtengo wake ndi wochepa kwambiri poyerekeza ndi wa mpope watsopano. Akaika washa watsopano, amamanga zonse monga zinalili, natsegula madzi pang'onopang'ono kuti aone ngati kudontha kwaleka.

Mipope ina yamakono ili ndi chogwirira chimodzi chokha, ndipo ilibe washa wotere. Imeneyi ikamadontha, amasintha kachipangizo ka m'kati kosakaniza madzi. Mpope wonse umafunika kusintha ngati chitsulo chake chang'ambika, ndipo ntchito imeneyo imafuna mmisiri wa mipope. Paipi ikaphulika kumsewu, madzi asanafike pa mita, anthu ayenera kudziŵitsa a Water Board.

Ana sayenera kumasula mpope okha, koma ali ndi udindo wao. Mwana wabwino amatseka mpope mofatsa, ndipo akaona ukudontha amatchera ndowa ndi kuuza makolo ake tsiku lomwelo. Paja akuluakulu anati madzi akatayika saoleka.

Mafunso

1. Kodi madzi a m'mipope ya ku Luwinga amachokera kuti?
2. Kodi washa amagwira ntchito yanji?
3. N'chifukwa chiyani wokonza mpope amayamba watseka madzi?
4. Kodi mpope wonse umafunika kusintha pa chifukwa chanji?
5. Fotokozani tanthauzo la mwambi umene uli m'nkhaniyi.

Ntchito

Tcherani botolo pa mpope wodontha kwa ola limodzi. Yezani madziwo, ndipo muŵerengere madzi amene angatayike pa maola 24.