Lamba wa injini ndi mita ya makilomita: phunziro la pa Gusheshe

Wamalonda akamagula galimoto ya kaunjika amayamba wayang'ana penti, matayala ndi mipando, kenako n'kumvetsera kalilidwe ka injini. Zonsezi n'zofunika, koma pali zinthu ziwiri zosaoneka msanga zimene zingathe kudya mpamba wonse tsiku limodzi. Choyamba ndi lamba wa mano wa pa injini, amene amakaniko amamutchula kuti timing belt. Chachiwiri ndi odometer, mita ya pa dashibodi yowerenga makilomita amene galimoto yayenda. Ziwirizi zimayendera limodzi. Lamba amasinthidwa potengera makilomita, ndiye mita ikafa kapena ikamanama, mwini galimoto sadziwa kuti lamba wake watsala ndi moyo wotalika bwanji.

Galimoto yophunzirirapo bwino nkhaniyi ndi BMW 325i ya m'gulu la E30, gulu limene linayamba kupangidwa mu 1982. Ku South Africa ankaipanga ku fakitale ya Rosslyn pafupi ndi Pretoria, ndipo m'malokeshoni monga Soweto anaipatsa dzina loti Gusheshe. Mpaka lero ndi yotchuka pa masewera ozungulitsa galimoto otchedwa spinning, choncho amalonda opita ku Joni amaidziwa. Yatsopano kwambiri mwa galimoto zimenezi inapitirira kale zaka 30, ndipo matenda ake awiri odziwika ndi omwewa: lamba woduka ndi mita yoima.

Ntchito ya lamba

Gusheshe ili ndi injini yotchedwa M20, ya masilinda 6 ndi mavalavu 12. M'munsi mwa injini muli crankshaft, yoyendetsedwa ndi mapisitoni. Pamwamba pali camshaft, yotsegula ndi kutseka mavalavu. Lamba ndiye amalumikiza ziwirizi, kuti crankshaft ikazungulira kawiri camshaft izungulire kamodzi, osaphonya ngakhale dzino limodzi.

Pa injini imeneyi pisitoni ndi valavu zimagwiritsa ntchito malo amodzi mosinthana: ina ikamafika, inzake imakhala itachokapo. Lamba akaduka, camshaft imaima pomwepo mavalavu ena ali otsegula, koma mapisitoni amapitirizabe kukwera n'kuwamenya. Mavalavu amapindika, tizitsulo towakankha totchedwa rocker arm timathyoka, ndipo nthawi zina mutu wa injini umawonongeka. Ntchito imene ikanatha tsiku limodzi imasanduka yophwasula injini, galimoto n'kukhala pagalaja masabata.

Odziwa injini ya M20 amalangiza kusintha lamba pakatha zaka 4 kapena pamakilomita apakati pa 80,000 ndi 100,000, chimene chayamba kukwana. Zaka zikuwerengedwa chifukwa labala amakalamba ngakhale galimoto itangoima pabwalo. Galimoto yoti yakhala pansi pa mtengo wa mango zaka zisanu ikudikira wogula ikufunika lamba watsopano, ngakhale mita yake isanasunthe.

Maso paokha sathandiza mokwanira. Lamba wong'ambikang'ambika, wonyowa oyilo, wonyenyeka m'mbali kapena wothothoka mano ndi wakufa kale, koma wooneka bwino nayenso amaduka, chifukwa ulusi wa m'kati mwake suoneka. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Si galimoto zonse za E30 zimene zili ndi lamba. Injini ya M10, ya masilinda 4, imayendera tcheni. Wogula afunse dzina la injini asanayambe kuwerengera ndalama.

Zogulira limodzi

Kusintha lamba yekha n'kuwononga ndalama ya ntchito. Makaniko akatsegula kutsogolo kwa injini, asinthenso tensioner, kagudumu komangitsa lamba, pakuti kakagwira kamadula ngakhale lamba watsopano. Aonenso silo ya camshaft: ikamadontha, oyilo amagwera pa lamba n'kumufewetsa. Ambiri amasinthiratu pampu ya madzi nthawi yomweyo, popeza njira yofikira pa iyo ndi yomweyomweyo ndipo ntchitoyo ilipiridwa kamodzi.

Lamba akaikidwa, makaniko wosamala salizira injini pomwepo. Amaizungulitsa kaye ndi sipanala maulendo awiri athunthu, n'kuonanso ngati zizindikiro za pa crankshaft ndi camshaft zagwirizana. Mwini galimoto ali ndi ufulu woimirira pafupi n'kuona zimenezi, komanso wopempha kuti amupatse lamba wakale ndi bokosi la watsopano.

Kwa ogulitsa masipeyala, lamba ndi katundu wosafuna nkhanza. Asapindidwe mwamphamvu, asapachikidwe pa msomali padzuwa, ndipo asayandikane ndi oyilo kapena mafuta. Akhale m'bokosi lake mpaka tsiku logulidwa. Makampani monga Gates, Continental ndi Dayco ndi odziwika pa malamba, koma dzina la pa bokosi limakoperedwa, choncho wooda afunse lisiti ndipo ayerekeze nambala ya pa bokosi ndi ya pa lamba. Lamba wochotsedwa pa galimoto ina sagulitsidwa. Kasitomala amene injini yake yaphwanyika chifukwa cha lamba wotere sabweranso, ndipo amauza msika wonse.

Lamba akadukira pamsewu, injini imazima mwadzidzidzi ndipo sitata ikalizidwa imazungulira mopepuka kuposa masiku onse. Apo dalaivala asalizenso, ndipo anthu asakankhe kuti ilire. Galimotoyo ikokedwe.

Mita ikaima

Pa Gusheshe, liwiro limawerengedwa ndi sensa ya pa diff, kumbuyo kwa galimoto. Uthenga wake ukafika pa dashibodi umasuntha kamuvi ka liwiro, komanso umayendetsa kamota kakang'ono kamene kamazungulitsa manambala kudzera m'timagiya ta pulasitiki. Timagiyati tikakalamba timafewa n'kuyamba kunyenyeka mano.

Chizindikiro chake n'chosavuta. Kamuvi kakamayenda koma manambala ataima, vuto ndi timagiya. Zonse ziwiri zikafa, makaniko ayambe waona fyuzi, mawaya ndi sensa ya pa diff asanatsegule mita.

Timagiyati timagulitsidwa patokha, choncho palibe chifukwa chogulira mita yonse. Koma mamita a E30 anapangidwa ndi makampani awiri, VDO ndi MotoMeter, ndipo timagiya tawo si tofanana. Wogula awerenge dzina lolembedwa pa mita ndi kuwerenga mano a kagiya kakale asanaitanitse. Wokonza aike chizindikiro pamene kamuvi kamagona asanakazule, apo ayi liwiro lidzakhala likunama. Achotsenso zinyenyeswa zonse ndi girisi wakale, pakuti kachidutswa kamodzi kotsalira kamagwiritsa kagiya katsopano.

Kukonza mita sikubweza makilomita amene anatayika. Ngati mita inaima zaka ziwiri zapitazo, nambala imene ikuoneka ndi yochepa kuposa yoona. Masamu ake ndi awa: galimoto yoyenda makilomita 60 patsiku, masiku 6 pasabata, imayenda 360 pasabata ndi 18,720 pachaka. Zaka ziwiri ndi makilomita 37,440 osalembedwa, pafupifupi theka la moyo wa lamba. N'chifukwa chake lamulo la wogula ndi limodzi: mita ikapezeka yakufa kapena yokayikitsa, ndipo palibe lisiti yosonyeza tsiku limene lamba anasinthidwa, lambayo atengedwe ngati wotha. Mtengo wa lamba, tensioner, pampu ya madzi ndi ntchito uchotsedwe pa mtengo wa galimoto pokambirana. Wogula ayambe wafunsa mitengo m'mashopu atatu kuti alankhule ndi manambala m'manja. Safunsa anadya phula.

Kukonza si kubweza

Pali kusiyana pakati pa kukonza mita ndi kuibweza m'mbuyo. Wokonza amasintha timagiya n'kusiya manambala pamene anawapeza, kenako amalemba tsiku ndi nambalayo m'kope la galimoto. Wobweza amachepetsa manambala kuti akweze mtengo. Kumeneko n'kuba mwachinyengo, ndipo wogula wonamizidwa angathe kukadandaula kupolisi kapena ku bungwe la Competition and Fair Trading Commission. Choipa china n'chakuti wogulayo amayenda modekha poganiza kuti lamba akadali ndi moyo, n'kudzamudukira ali ndi katundu pakati pa msewu wa M1.

Galimoto imaulula yokha ulendo umene yayenda. Labala wa pa mapedulo akatha mpaka chitsulo kuoneka, chiwongolero chikasalala, mpando wa dalaivala ukabooka, koma mita n'kumaonetsa makilomita ochepa, pali china chake. Manambala okhala mokhotakhota, osafola mzere umodzi, amasonyezanso kuti mita inatsegulidwapo.

Phunziroli silikuthera pa Gusheshe. Galimoto zambiri zochokera ku Japan zimabwera ndi kasitika pa injini kosonyeza tsiku ndi makilomita pamene lamba anasinthidwa, ndipo nambala yake iyerekezedwe ndi ya pa mita. Pa Toyota Hiace ndi Hilux za dizilo zoyendera lamba pali nyali yolembedwa T-BELT, imene imayaka pamakilomita 100,000 kapena 150,000 malinga ndi mtundu wa galimoto. Nyaliyi siyang'ana lamba, imangowerenga makilomita kuchokera pa mita. Mita ikafa nayonso imakhala chete, ndipo munthu angathe kuizimitsa osasintha chilichonse. Eni minibasi ndi onyamula katundu asaidalire yokha.

Chida chotsika mtengo kuposa zonse ndi kope la sukulu losungidwa m'galimoto, lolembamo tsiku, makilomita, chimene chasinthidwa ndi amene wasintha, malisiti atamatidwa momwemo. Tsiku logulitsa, galimoto yokhala ndi kope lotere siichedwa pamsika, ndipo mwini wake sakakamizika kutsitsa mtengo chifukwa cha mafunso amene alibe mayankho ake.