Kudzipangira Paipi ya Buleki Yolukidwa ndi Waya: Malangizo kwa a Kabaza a pa Msundwe

Njinga yamoto ya kabaza ya pa Msundwe imadya fumbi m'chilimwe ndi matope m'dzinja m'misewu ya ku Nsaru ndi ku Kabudula, itasenza matumba a soya kapena mtedza. Ikakwera pa tala wa M12 imalimbirana malo ndi maminibasi ndi mathiraki opita ku Mchinji. Poima mwadzidzidzi kulemera kwakukulu kumathamangira ku tayala la kutsogolo, choncho buleki ya kutsogolo ndiyo imagwira ntchito yaikulu.

Yambani mwaona njinga yanu. Zambiri za kabaza zili ndi buleki ya dilamu yokoka ndi kebulo, ndipo malangizo awa sakuzikhudza. Koma ngati kutsogolo kuli disiki, ndipo pa handulo ya kumanja pali kabokosi ka mafuta a buleki, ndiye kuti mphamvu ya dzanja lanu imadutsa mu paipi. Paipi ya mphira ikakalamba imafufuma mukagwira buleki, chogwirira n'kumamveka chofewa mpaka kukhudza handulo. N'chifukwa chake mabuku a njinga zambiri za Yamaha ndi Suzuki amati izisinthidwa pa zaka 4 zilizonse. Paipi yolukidwa ili ndi kachubu ka PTFE mkati, kokutidwa ndi waya wosachita dzimbiri, ndipo sifufuma. Imalimbitsa chogwirira, koma mapadi otha siiwatsitsimutsa.

Zofunika kukhala nazo

Mufunika paipi yolukidwa ya saizi -3, makamaka yokutidwa ndi pulasitiki kunja; mitu iwiri ya banjo yomanga ndi sipanala, uliwonse ndi nati yake ndi kamphete kotchedwa olive; mawasha anayi atsopano a kopa; tepi; sowo ya zitsulo ya mano ang'onoang'ono; vayisi; kachubu koonekera mkati; ndi botolo losatsegula la mafuta a buleki a mtundu wolembedwa pa chivundikiro, DOT 3 kapena DOT 4. DOT 5 ndi mtundu wina, wa silikoni, ndipo sasakanizidwa ndi amenewa.

Pokagula ku Lilongwe tengani paipi yakale ndi bawuti yake. Mabawutiwa amaoneka ofanana, koma ena mazinga awo ndi M10 x 1.25, ena M10 x 1.0. Safunsa anadya phula: bawuti yolakwika imadya mazinga a caliper, chomwe chimapanikiza mapadi pa disiki. Paipi ndi mitu zikhale za kampani imodzi. Mukapeza paipi yofika muyeso wanu yophanidwa kale ndi makina, gulani imeneyo n'kuyambira pa sitepe 7.

Kapangidwe kake

1. Yezani. Imikani njinga kuti tayala la kutsogolo lilendewere, mashoko atambasuke mpaka pothera. Yendetsani chingwe m'njira ya paipi yakale, n'kukhotetsa handulo uku ndi uku mpaka kumapeto. Chingwe chisakokeke, komanso chisalendewere moti n'kukhudza tayala. Paipi yaifupi imathothoka tsiku lomwe mwagwera m'dzenje.

2. Dulani. Kulungani tepi mothina pamalo podula kuti waya asabalalike, kenako dulani pakati pa tepiyo mowongoka, osakanikiza sowo. Chubu chamkati chikaphwanyika, chibwezereni kukhala chobulungira. Sendani pulasitiki ya kunja pang'ono kumapeto.

3. Lowetsani nati poyamba, mazinga ataloza kumapeto kwa paipi. Apa ndi pamene ambiri amaiwala, ndipo waya akayanzika natiyo siilowanso.

4. Chotsani tepi. Ndi kasikuludilaiva kakang'ono yanzani waya pang'onopang'ono kuti alekane ndi chubu, osachikanda. Samalani zala, wayayu amabaya.

5. Vekani olive pa chubu, pansi pa waya. Tsamizani kumapetoko pa thabwa n'kukankha mpaka chubu chitagunda pakhosi pa olive mkati. Yang'anani pa kuwala: pasakhale kawaya ngakhale kamodzi pakati pa olive ndi chubu, chifukwa ndi pamene mafuta adzatulukire.

6. Gwirani mutu wa banjo mu vayisi, lowetsani kansonga kake mu chubu mpaka olive itakhala pamalo pake, kwezani nati pamwamba pa waya, yambani kumanga ndi dzanja, malizani ndi sipanala monga mwa malangizo a wopanga. Musanathinitse mutu wachiwiri, yerekezani pa njinga kuti muone mbali yomwe uyenera kuloza, pakuti paipi iyi siilola kupotokola. Olive yomwe yamangidwapo kale siibwerezedwa. Pomaliza pemererani ndi pampu, n'kudutsitsamo mafuta atsopano kuti tizitsulo ta podula tituluke.

Kumanga pa njinga

7. Phimbani thanki ndi nsanza, chifukwa mafuta a buleki amasupula penti. Khuthulani akale, chotsani paipi yakale, mangani yatsopano ndi washa wa kopa mbali zonse ziwiri za banjo iliyonse. Mawasha akale anaphwanyika kale, sangatsekenso. Thinitsani bawuti pa mlingo wa m'buku la njinga. Caliper ndi ya aluminiyamu, mazinga ake sachedwa kutha. Dutsitsani paipi m'zogwirira zake zonse. Waya wosakutidwa akamakhuzana ndi mawaya a magetsi kapena shoko amacheka ngati tupa, choncho pokhudza paliponse vekani kamphira. Mafuta asadonthere pa disiki kapena pa mapadi.

8. Chotsani mpweya. Dzazani kabokosi, vekani kachubu koonekera pa nipple (kabawuti kotulutsira mpweya) ya caliper, mbali inayo ilowe m'botolo lina. Popani chogwirira kangapo, gwirani osasiya, mnzanu atsegule nipple pang'ono, atseke, kenako inu musiye. Bwerezani mpaka thovu litatha m'kachubu. Kabokosi kasaume, apo ayi muyambiranso. Kuona maso a nkhono n'kudekha: paipi yatsopano imakhala yodzaza mpweya, ndipo imatenga nthawi.

9. Yesani. Pukutani polumikizira ponse, finyani chogwirira ndi mphamvu zanu zonse kwa mphindi imodzi, kenako chimangeni ndi legeni chigone chomwecho usiku. M'mawa pititsani pepala louma pa nati ndi pa bawuti. Likanyowa pa nati ngakhale pang'ono, dulani mutuwo muyambirenso ndi olive yatsopano; likanyowa pa bawuti, ikani mawasha atsopano. Guluu, waya ndi malegeni sizitseka paipi ya buleki. Likakhala louma, yendani pang'onopang'ono pabwalo lopanda anthu, muli nokha, musananyamule munthu.

Mukatha

Mafuta a buleki amayamwa chinyezi. DOT 4 watsopano sawira asanafike madigiri 230, koma akamwa madzi malirewo amatsikira ku 155, ndipo akawira chogwirira chimangolowa osagwira kanthu. Asintheni pa zaka 2 zilizonse, ndipo musagule otungira m'botolo lotsegula. Sabata iliyonse, potsuka njinga, yang'anani paipi pafupi ndi mitu yake. Ngati vayisi mulibe, kapena sitepe 5 yakukayikitsani, pitani ndi zipangizozo kwa makaniko wodziwa mabuleki a mafuta, mugwire naye ntchitoyo limodzi.